Sipika Yochiza Msana

Ndinkatsuka poto wa tiyi pang'onopang'ono ndi phulusa, kuseri kwa khitchini komwe amayi sakanandiona. M'mawa umenewo ndinali nditawiritsamonso mawaya a gitala yanga ya besi. Mawaya akakalamba amalira ngati munthu wachimfine, ndipo atsopano sapezeka ku Mangochi kuno, ndiye timangowaphika m'madzi kuti thukuta ndi litsiro zichoke. Amatsitsimukadi. Vuto ndi loti poto amatsala ndi fungo.

"Shakila," amayi anaitana ali pakhonde, "tiyi wa dzana amamveka misomali."

"Mwina ndi madzi a pampopi."

"Madzi a pampopi ali ndi mawaya anayi?"

Ndinapitiriza kuzunguliza chala m'mphepete mwa potoyo. Amayi amati ine ndinabadwa ndi mawu ochepa, ndiye ndimawaumira kuti andifikitse ku ukalamba.

Gitalayo pamodzi ndi sipika yake ndi za amalume Atumani. Bokosi la sipikayo anakhoma okha ndi matabwa a boti lakale la agogo, ndipo utoto wobiriwira wa botilo ukuonekabe m'mbali. Kutalika kwake ndi ngati mpando. Zimenezi sindinaziganizirepo mpaka chaka chino. Popita ku Joni, nditangomaliza Folomu 4, amalume anandisiyira zonse ziwiri. Anati gitala ndikhoza kuthyola, adzagula ina, koma sipika ija ina kulibe. Mpaka pano akatumiza uthenga wamawu pafoni amayamba ndi salamu, amafunsa za amayi mwachidule, kenako za sipikayo amati, "Nanga mwana wanga akulira bwino?"

Bandi yathu ndi Kampango Jazz. Mwini wake ndi Che Uladi, amene amaimba ndi kuliza gitala yaing'ono. Wa ng'oma ndi Blackson. Ine ndimaima kumbuyo, pafupi ndi khoma, pomwe palibe amene amayang'ana. Lamulungu lililonse masana timaimba pa loja ina kufupi ndi Makokola. Zida timanyamula pa kapikapu ka Blackson, kamene masiku ena onse kamanyamula usipa, moti nyimbo zathu zoyambirira zimaitana amphaka.

Zinthu zinasintha pamene manijala wa lojayo, Mayi Ndaona, anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi makina a kariyoke.

"Kariyoke ndi chiyani kwenikweni?" Blackson anafunsa tikutsitsa ng'oma.

"Ndi pomwe munthu wosadziwa kuimba amaimba," anatero Che Uladi, "wodziwa kuimba n'kukagona ndi njala."

Koma makinawo sanaimbe ngakhale nyimbo imodzi. Magetsi atathima n'kubwera mwamphamvu, anangotulutsa utsi. Che Uladi anakweza manja n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu. Mayi Ndaona anawadikira atsitse manjawo.

"Zikwangwani ndamata kale mpaka kwa Mponda," anatero. "Makinawo mukhala inu."

"Ife tikhala makina?"

"Mlendo akagwira maiki, inu muzimutsata. Akakwera mukwere, akatsika mutsike. Ndipo wogwira maiki sadulidwa mpaka atamaliza yekha. Lamulo ndi limenelo."

Atachoka, Blackson anakhala pa ng'oma yake yaikulu n'kupukusa mutu. Anati woimba wongobwera ali ngati ng'ombe yomwe yakwera m'bwato: siudziwa kuti ipondera mbali iti, umangodziwa kuti munyowa nonse. Che Uladi anati iwo anaperekezapo alendo ambiri m'maukwati, ndipo chinsinsi chake ndi chimodzi.

"Mlendo sasochera. Zikasokonekera, tonse timatembenuka n'kuyang'ana wa besi."

Onse awiri anatembenuka n'kundiyang'ana, ngati akuyeserera.

Lamulungu loyamba kunabwera anthu ambiri ndithu, mipando yonse inatha. Anaimba aphunzitsi awiri, kenako mnyamata wina wa kubanki amene anatseka maso n'kuyamba nyimbo pamwamba kwambiri, pomwe ngakhale iye sakanafika. Tinamukwerera, tinamutsikira, anzanga ananditembenukira. Kenako panafika a Simioni.

A Simioni ndi msodzi wakale wa ku Malindi, ndipo anali atabwera kudzaona mwana wawo amene amaphika pa lojapo. Anali opindika msana moti ankayenda akuyang'ana zala zawo za kumapazi, ndodo ili patsogolo. Anati paunyamata wawo ankaimba kwaya ku mishoni, ndipo akufuna ayeseko. Munthu wamkulu chotero sangaimbe chiimire ana atakhala. Che Uladi anayang'ana uku ndi uku, mpando panalibe, ndiye anapukuta pamwamba pa sipika yanga ndi mkono wa malaya.

"Khalani apa, madala."

Ndinatsegula pakamwa. A Simioni anali atakhala kale.

Anaimba nyimbo ya kutchalitchi yochedwa kwambiri, Blackson n'kuiika pa rege chifukwa china sakanachita. Ine ndinakhazikika pa waya wonenepa, wa pansi penipeni, kuti mdalayo akhale ndi popondapo. Ndinkaona matabwa akunjenjemera pansi pawo, mabatani a jekete lawo akuvina. Pakati pa nyimbo anasiya mawu n'kumangoti "eee, eee," maso ali gwa kudenga. Itatha anaimirira. Anaimirira mowongoka, n'kuyang'ana anthu kumaso, mwina koyamba m'zaka zambiri. Anapita kwawo ataiwala ndodo.

Lamulungu lotsatira tinapeza lole itaima pageti.

Munali agogo okhaokha, ena ochokera ku Malindi, ena kwa Mponda, ena kumapiri a ku Namwera. A Simioni ndi amene ankawatsitsa. Palibe anayang'ana nyanja, palibe anafunsa za chakudya. Onse analunjika pa sipika n'kufola. Mayi Ndaona anaona mzerewo, anaona ketulo ya tiyi wopanda womugula, n'kuwonjezera lamulo pomwepo: wokhala pa sipika aziimba, chifukwa pano ndi pa kariyoke, si pachipatala.

Ndiye ankaimba. Ambiri analibe nyimbo, koma msana unkawawa, choncho ankaimba chilichonse chomwe chinali pamtima. Che Dinala anaimba za mbuzi za mnansi wawo zomwe zimadya chinangwa chawo, kutchula mbuzi iliyonse ndi mtundu wake. Abiti Shafi anaimba za mpongozi wawo amene amathira mchere ngati akukwirira maliro. Mpongoziyo anali pambuyo pawo pamzere, ndipo itafika nthawi yake anayankha ndime ndi ndime. Wogwira maiki sadulidwa, ndiye tinaperekeza mlandu wonsewo mpaka pamapeto.

Ndikangoyesa kuyendetsa zala kupita ku mawaya ang'onoang'ono, wokhalapo ankatembenuka.

"Iai, mwanangu, bwerera pa wonenepa paja. Ameneyo ndiye akufika pa fupa."

Anayamba kunditchula adokotala. Pomaliza ankasiya mango, utaka wouma kapena mazira pafupi ndi mapazi anga. Amayi anasangalala ndi mazirawo ndipo anasiya kufunsa za poto. Milungu inkapita ine ndikuliza waya umodzi, dum, dum, dum, chala chimodzi chokha chikugwira ntchito, zinazo zikungoyang'ana. Ndinkawadziwa anthu ndi misana yawo. Ndinkadziwa kuti uyu akhala mofatsa, uyu adzigwetsa ngati thumba la chimanga, uyu amenya chidendene pa nsalu ya kutsogolo kwa sipika.

Mng'alu unayamba pa thabwa la pamwamba, waung'ono ngati tsitsi. Kenako mawu anasintha. Pansi pa dum aliyense panayamba kumveka kaphokoso ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo. Nditatsegula kunyumba ndinapeza chipepala chakuda cha m'kati, chomwe chimakankha mawu, chitang'ambika m'mphepete, chifukwa thabwa likatsika limachipanikiza. Ndinamata ndi guluu wa nsapato ndi kansalu komwe ndinadula ku chitenje chakale cha amayi. Lamulungu linalo chinang'ambika pena.

Ndinakonzekera mawu oti ndiwauze Che Uladi. Ndinawayeserera posamba, potunga madzi, ndi m'kapikapu njira yonse. Anthu atabalalika tsiku limenelo ndinawapeza atakhala pa sipika iwo eni, atavula nsapato.

"Che Uladi, sipika ija..."

"Ikugwira ntchito yotamandika, mwanangu. Taliza pang'ono, chiuno ichi chandivuta kuyambira Ramadani."

Ndinaliza. Blackson anabwera n'kugwada, n'kugunditsa tsaya lake m'mbali mwa bokosi chifukwa dzino linkamuwawa.

"Ine kariyoke ndinkainyoza," anatero tsaya lili pomwepo, mawu akunjenjemera. "Koma taonani, kale tikamaimba anthu ankadya n'kumacheza osatiyang'ana. Pano amabwera pa lole."

"Sabwerera ife," anatero Che Uladi. "Ine ndaimba zaka zonsezi, palibe anandipatsapo dzira. Koma bola ntchito ilipo. Ku maloja enawa anzathu anachotsedwa, pali makina ndi mnyamata wodina batani. Shakila, usathamange, khala pomwepo."

Ndinapitiriza kuliza waya wonenepa uja.

Mkati mwa sabata imeneyo amalume anatumiza uthenga. Anati asowa mawu a mwana wawo, ndimulize pang'ono amve. Ndinazengereza mpaka Lachisanu. Kenako ndinayatsa sipika kuchipinda, ndinaliza motsitsa kwambiri, foni ndili nayo patali. Sizinathandize. Yankho linabwera nthawi yomweyo, kumbuyo kukumveka magalimoto a ku Joni.

"Shakila, mwana wanga wameza njuchi? Ukundibisira chiyani? Ine sindikukalipira. Koma ngati wakukanika kusamala undiuze, ndimutumize kwa Iddi ku Liwonde azikakhala m'nyumba. Ndikufuna ndidzamupeze wamoyo."

Iddi ndi mnzawo wa amalume amene anasiya zoimba n'kutsegula golosale. Kwa iyeyo sipika ikanakhala poikapo wailesi ndi maluwa apulasitiki. Ndinamvetsera uthengawo kangapo, kenako ndinalemba kuti, "Ndisamala." Amalume anangoyankha ndi kachithunzi ka diso.

Lamulungu tinapeza Mayi Ndaona atasoketsa khushoni ya maluwa ofiira, yoyeza ndendende pamwamba pa sipika. Anati akuganiza zoti sipikayo izigona ku loja komweko kuti odwala ena azibwera Lachitatu. Anandifunsa ngati pali vuto. Anafunsa akuyenda, ndipo pomwe ndinkati ndiyankhe anali atafika kale kukhitchini.

Tinayamba monga mwa masiku onse. Anakhalapo agogo ena a bondo, kenako mayi wina amene ankafuna mwana wake wakhanda abyukule. Ntchentche ija inali itakula, tsopano inkamveka ngati njinga yamoto ili patali. Mng'alu unali utafika pakona. Munthu akakhala, ndinkauona ukutseguka pansi pa khushoni, akadzuka n'kutsekeka, ngati pakamwa pa nsomba yomwe ili pamchenga.

Kenako mzere unapatuka pakati. Kutsogolo kunali a Simioni, akuyenda mowongoka ngati msilikali. Pambuyo pawo panali bambo wina wamkulu thupi kuposa aliyense amene ndinamuonapo, ndipo pambuyo pa iyeyo anyamata anali atanyamula injini ya boti pa mtengo, mafuta akudontha.

"Adokotala," anatero a Simioni, "awa ndi alamu anga, a Sangwani. Injini yawo yakana kulira chiyambire mwezi watha. Amakaniko alephera."

Mayi Ndaona anabwera akupukuta manja. Ndinaganiza kuti akana. Anayang'ana injiniyo mozungulira.

"Lamulo ndi loti wokhalapo aimbe. Injini iimba?"

"Ikachira iimba, mayi," anatero a Sangwani. "Imamveka mpaka kutsidya."

"Nanga isanachire?"

"Ndiimbira ine. Ndikhala pa sipikapo, iyo ndiifungata pamiyendo. Siizolowera anthu ambiri."

Mayi Ndaona anaganiza pang'ono n'kuvomera. Che Uladi anafunsa a Sangwani ngati akufuna nyimbo yofulumira kapena yochedwa. Blackson anati injini za mtundu umenewo zimakonda manganje. Anyamata anayamba kumasula zingwe, a Sangwani n'kutembenuka kuti aloze kumbuyo kwawo ku sipika, akukweza thalauza m'mawondo monga achitira munthu wofuna kukhala.

Ndinayang'ana utoto wobiriwira uja. Matabwa amenewo anasenza agogo ndi maukonde awo zaka zambiri osathyoka, koma nthawi imeneyo pansi pake panali madzi. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangoona miyendo yanga ikuyenda, chingwe cha gitala chikukwawa pambuyo. Ndinadutsa pansi pa chigongono cha a Sangwani, ndinachotsa khushoni, n'kukhala pa sipika ineyo, m'mphepete momwe muli thabwa lolimba.

A Sangwani anatsala pang'ono kundikhalira. Anyamata anawagwira m'khwapa ali theka kukhala, theka kuima, n'kuwadzutsa.

Munthu wamng'ono kulanda malo a wamkulu, pamaso pa agogo odzaza lole, sizichitika. Abiti Shafi anagwira pakamwa. Ine ndinkangoyang'ana mawondo anga, makutu akutentha.

"Adokotala adwala," Blackson ananong'ona, koma maiki ya ng'oma inali yoyatsa, ndipo aliyense anamva.

"Shakila," anatero Che Uladi motsitsa, akumwetulira anthu, "dzuka, mwanangu. Alendo akudikira."

Sindinadzuke.

Mayi Ndaona anaima patsogolo panga manja ali m'chiuno. Iwo ndi munthu wosunga malamulo awo, ngakhale atawatembenukira. Anatenga maiki m'manja mwa Che Uladi.

"Wokhalapo aimbe," anatero, n'kundipatsa.

Inali yolemera kuposa momwe ndinkaganizira, yofunda ndi manja a anthu ena, ikununkha tiyi. Che Uladi, mwa chizolowezi, anayamba kukanda gitala kufunafuna pomwe ndiyambire. Blackson anayamba kugogoda pang'onopang'ono. Ndinamva mpweya wanga ukutuluka m'masipika onse a pa loja, mpaka mbalame zinauluka mumtengo wa mango.

"Blackson, siya," ndinatero.

Anasiya ndodo zili m'mwamba.

"Koma mwanangu," anayamba a Sangwani.

"Wogwira maiki sadulidwa," anatero Mayi Ndaona, nkhope ili ngati awawidwa ndi mawu awo omwe.

Ndinayang'ana ndodo ya a Simioni, yomwe inali itatsamirabe khoma kuyambira tsiku lija. Kuyang'ana ndodo kunali kosavuta kusiyana ndi kuyang'ana anthu.

"Makolo anga, pepani," ndinayamba. "Ine si dokotala. Dzina langa ndine Shakila, ndimaliza besi. A Simioni, chomwe chinawongola msana wanu sindikuchidziwa, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti munawongoka. Koma ichi si mpando. Ndi sipika ya amalume anga, anandisiyira kuti ndisamale, ndipo ikufa. Phokoso mukulimvali si mankhwala akugwira ntchito ayi, ndi kung'ambika. Ndamata mpaka chitenje cha amayi chatha mbali imodzi, iwo sakudziwa."

Wina anaseka kumbuyo, ena n'kumuletsa. Mawu anga ankatulukabe, ambiri kuposa omwe amayi amati ndili nawo.

"Kuyambira lero palibe akhalepo. Kaya ndi wa msana, kaya ndi wa bondo, kaya ndi injini. Inunso Che Uladi, chiuno chanu mupite nacho kuchipatala. Blackson, dzino limenelo kazule. Mayi Ndaona, sipikayi igona kwathu, Lachitatu kulibe, ndipo khushoni yanu nayi. Mazira ndi mango musabweretsenso, amayi ndikawafotokozera ndekha. Kuimba bwerani muziimba, za mbuzi, za mchere, chilichonse, ndikutsatani komwe mungapite ndipo mukasochera anzangawa aziyang'ana ine, ndinazolowera. Koma muziimba chiimire, wotopa tim'pezera mpando weniweni. Gitala iyi ili ndi mawaya anayi. Onse ndimawaphika, onse ndimatsukira poto, koma inu mwamvapo umodzi wokha. Lero mumva onse, ndipo wofuna kuti msana ugwedezeke augwedeze yekha. A Sangwani, ndapota nanu, injini yanu ibwerere kumbuyo. Ikafika pageti, ine ndidzukapo."